Apatukireni Njira Amayi

Nampula,
10 Sepitembala, 2023

Okondedwa amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji masiku ano, nanga bondo lija linkakuvutani nthawi yozizira lasiya kutupa? A Cremilda, aja ogulitsa makapulana, zitenje zija, anandiuza kuti anakuonani pamsika wa ku Mongue muli ndi ndodo, koma akuti ndodoyo mumangoikoka, simuitsamira, kuopa kuti anthu anganene kuti mwakalamba. Ndinaseka, ndinati amenewo ndiwo amayi anga. Ine kuno m'thupi ndili bwino, Mulungu akundisunga. Mumtima ndiye ayi, n'chifukwa chake Lamulungu lino ndasiya zochapa m'beseni n'kukhala pansi kulemba.

Ndikudziwa mmene kalata zanga zimamvekera kumeneko. Inu mumakhala kuseri kwa nkhokwe, mng'ono wanga Zaida pakhonde, ndipo amuna ake, alamu anga a Laurindo, amakhala pampando atalozetsa msana kumene muli, n'kumawerenga mokweza ngati akuwerengera mtengo wa mango. Choncho alamu, moni kwa inunso. Kalata ya lero ndi yolemera pakamwa, ndipo ikukhudza inu. Ndikupemphani muwerenge yonse, osadumpha mzere. Ndikadaimba foni, koma foni ya pakhomopo ndi yanu, ndipo amayi akaigwira amangoti eya, eya, n'kuibwezera kwa Zaida msangamsanga ngati ikuwatentha.

Ntchito ikuyenda. Ndikuyendetsabe kamiyau ija yonyamula simenti kupita kumene anthu akumanga. Pa oyendetsa asanu ndi anayi wamkazi ndine ndekha, ndipo ngakhale papita chaka ndi theka anthu sanazolowerebe. Sabata yatha ndinafika ndi katundu ku Muhala, mwini nyumba n'kuzungulira galimoto yonse kufunafuna woyendetsa, ine ndili chiimire pamaso pake, kiyi ali m'manja. Atazindikira anandifunsa ngati amuna anga akudziwa zimene ndikuchita. Ndinamuuza kuti amene ndinali nawo anatopa nane kalekale, ndiponso kuti simenti sifunsa za ukwati. Anaseka yekha, koma matumba anawawerenga kawiri.

Zoseka zilipo, koma ndimakhala mtima uli m'mwamba. Anzanga awiri a pantchito ali ndi abale awo amene ali ndi ziphaso zoyendetsera koma akungokhala, ndipo akundidikirira tsiku limene ndidzaphonye. Lachisanu ndinapita kwa patrau, bwana wathu, kukapempha sabata imodzi yoti ndibwere kumudzi. Anandiyankha kuti ino ndi nthawi imene aliyense akuthamangira kufolera mvula isanagwe, ndipo wosiya kiyi sabata yathunthu adzamupeza ali m'thumba la wina. Anawonjezera kuti ichi ndicho ankaopa polemba mkazi, chifukwa akazi sasowa maliro ndi matenda kwawo. Ndinangotuluka.

Tsopano nayi nkhani imene yandilanda mtendere.

A Cremilda anafika kuno Lachinayi kudzapikula katundu wawo. Tili kudya, anandifunsa ngati ndinamva kuti mwezi wa Julayi kwathu kunabwera anthu olemba minda, oti aliyense adzalandire pepala la boma losonyeza mwini munda, limene akulitchula kuti duwati. Ndinati ndinamva patalipatali. Ndiye anandiuza kuti atapita ku postu, ofesi ya boma ya ku Mongue, pa zawo, anapeza mndandanda wa maina utamatidwa pakhoma, ndipo mwa chizolowezi chawo chosadutsa pepala osaliwerenga, anayamba kuyendetsa chala. Anapeza munda wathu wa ku Mphero. Dzina lolembedwa pamenepo ndi limodzi lokha, la a Laurindo. Lanu palibe, la Zaida palibe.

Chakudya chinandikanika, ndinangoti ndakhuta.

Ndinawapanikiza a Cremilda kuti andiuze mmene zinayendera, ndipo iwo anali atafunsa kale kwa anansi athu, paja mukuwadziwa. Akuti olembawo anali anyamata awiri ochokera ku Quelimane, oyankhula Chipwitikizi chokha, ndipo pakhomo lililonse ankafunsa mutu wa banja amene ali ndi bilyeti, chitupa chija cha unzika. Zaida alibe, poti anabadwira kumsasa ku Malawi ndipo kakhadi kake ka kuchipatala chiswe chinadya kalekale. Amalume a Benedito, amene akanayankhulira mbumba yawo, anali kumaliro kutsidya kwa Ruo. Ndipo inu amayi munalipo, koma akuti munakhala patali, kuseri kwa chulu, mutafunda kapulana kumutu, chifukwa mkamwini wanu anali pomwepo. Alamu ndiwo anayenda nawo m'malire, poti amawadziwa ndi khasu, ndipo anyamatawo analemba munthu amene anayenda naye.

Ndikukuonani m'maso mwangamu mmene munakhalira. Mwambo umati mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, sakweza mawu iye ali pafupi, ndipo inu simunauphwanyepo ngakhale tsiku limodzi. Anthu a kwathu akaona mayi atakhala kuseri kwa chulu chotero amadziwa kuti ameneyo ndiye mwini malo. Anyamata a ku Quelimane anaona gogo wamanyazi wopanda nkhani.

Sindikunena kuti alamu anaba. Mulungu ndi mboni, mawu amenewo sanatuluke pakamwa panga ngakhale kwa a Cremilda. Mwina anaganiza kuti n'kalembera chabe, ngati uja wa maukonde a udzudzu. Koma miyezi iwiri yapita, tayankhulana pafoni kanayi, tinakamba za nandolo, za mbuzi yothyoka mwendo, za nsapato za ana, ndipo za pepalali sindinamve. Kukhala chete kumeneko ndiko kukundiopsa.

Ndikuuzeni chimene chikundipangitsa kuopa chotere. Pabwalo limene ndimachita lendi pali mayi wina dzina lake Alzira, wa ku Molumbo, amagulitsa mtedza wokazinga pamsewu. Kwawo mwambo ndi womwewu, munda umatsata akazi. Olemba atafika kwawo zaka zapitazo analemba mwamuna wake, chifukwa ndiye anali ndi bilyeti. Akuti anali munthu wabwino, wosamenya, wosamwa, ndipo iye sanaone vuto lililonse. Mwamunayo anadwala malungo sabata imodzi, n'kumwalira. Atameta maliro, abale a mwamuna sanabwere kudzatenga khasu ndi bulangete la m'bale wawo monga zimakhalira. Anatenga pepala lija m'sutikesi, n'kunena kuti munda ndi wa malemu m'bale wawo, ndipo asanathe mwezi anaupereka kwa munthu wina wolima soya.

Alzira anakadandaula. Anamuuza kuti lamulo lili kumbali yake, ndipo n'zoona lili kumbali yake, koma lamulolo limakhala ku vila, kuboma kuja, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo ukafika amati ubwere mwezi wamawa. Thirakitala ndiye sinadikire mwezi wamawa. Mango amene anabzala amayi ake anadulidwa n'kuwotchera njerwa. Lero ali m'chipinda chimodzi ndi ana atatu, ndipo akamva fungo la mvula yoyamba amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Nkhani yakeyi ndinkaimva ngati ya eni, ndinkangomupepesa. Lachinayi lija ndinakumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa wailesi amanena tsiku ndi tsiku kuti akazi tsopano tili ndi ufulu, ndipo sindikutsutsa. Ine ndi uyu ndagwira chiwongolero, chinthu chimene inu pa msinkhu wanga simukanachilota. Ana a Zaida ali pasukulu limodzi ndi anyamata. Koma ife akazi a ku Mongue tinali ndi chathu anthu asanayambe kutchula za ufulu. Mwamuna ankabwera kudzakwatira, munda n'kukhala wa mayi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Tsopano pepala lafika, ndipo pepala likafika pakhomo limayamba kufunsa bambo. Ndikuopa kuti atipatsa ndi dzanja ili, n'kutilanda ndi linali, ife tili chete chifukwa cha ulemu.

Dzulo masana nditaweruka ndinapita ku ofesi ina kuno kumene amathandiza amayi pa nkhani za malamulo. Ndinapeza mtsikana wamng'ono kwa Zaida, wophunzira kwambiri, ndipo anandifotokozera modekha. Akuti mkazi akhoza kulembedwa payekha, kapena maina angapo pa pepala limodzi, mayi ndi ana ake. Akuti wopanda bilyeti asataye mtima, khadi lija lovotera limathandiza, ndipo mawu a anansi odziwa mbiri ya munda ndi umboni wokwanira. Mndandanda amaumata pakhoma n'cholinga choti wolakwiridwa akanene. Koma a Cremilda anawerenganso pansi pake kuti kukonza kutha Lachisanu pa 29 mwezi uno, kenaka maina apita kukasindikizidwa. Ndinamufunsa mtsikanayo ngati ine ndingalembe kalata yodandaula ndili konkuno. Anati ingathandize pang'ono, koma cholimba n'chakuti mwini munda akaime yekha pamaso pa olembawo, anene ndi pakamwa pake.

Amayi, mwini munda ndinu.

Musandiuze kuti simungathe, chifukwa ine ndinakuonani. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinabwerako ku Malawi, bambo titawasiya m'manda a kumsasa. Tinapeza nyumba ili phulusa, m'munda mwathu muli chinangwa cha bambo wina amene anati malowo anawapeza ali tchire lopanda mwini. Amuna anasonkhana, ndipo ambiri ankati mumusiyire, malo ndi ambiri, mayi wamasiye adzalima bwanji zonsezo. Inu munamangirira Zaida kumsana, munatenga khasu, munayenda mpaka pa mtengo wa mkuyu uja n'kuyamba kukumba anthu onse akuyang'ana. Munawauza musanafike pansi kuti apeza mwala wamphero wa amayi anu, wobenthuka mbali imodzi, umene munaukwirira tsiku lothawa nkhondo. Khasu litagunda mwala, bambo uja anangopempha kuti adikire chinangwa chake chikhwime. Mundawo mpaka lero anthu amautchula kuti ku Mphero chifukwa cha inu, ndipo ine ndikagwidwa mantha pamsewu ndimakumbukira msana wanu tsiku limenelo, thukuta likutsika mpaka m'miyendo ya Zaida.

Tsiku lija munayankhula chifukwa pa amuna onse aja panalibe mkamwini wanu. Ndi chokhacho chimene chasintha.

Pempho langa ndi limodzi. Lolemba pa 18 mudzuke m'mawa, mutenge khadi lanu lovotera limene mumasunga m'buku la nyimbo, mutenge Zaida ndi amalume a Benedito, ndi mnansi mmodzi mwa amene anaona mwala uja ukutuluka, mupite ku postu. Musadikire sabata yomaliza, mukudziwa mmene maofesi amachitira, mawa lawo ndi lalitali. Za njinga zokunyamulani ndakonza kale ndi a Cremilda. Mukanene kuti munda wa ku Mphero ndi wanu, unali wa amayi anu, ndipo alembe dzina lanu ndi la Zaida. Langa alisiye. Ndikudziwa zimene anthu amanena kumeneko, kuti Nelsa anathawa khasu, anavala buluku, asalamule za minda ali m'tauni. Anene. Ine sindikufuna mzere ngakhale umodzi. Ndikufuna kuti Gina ndi Nércia, ana a Zaida, akadzakula adzakhale ndi poponda, asadzakazinge mtedza pamsewu wa eni.

Tsopano alamu, ndikutembenukira kwa inu, ndipo amayi amve kuti ndikuyankhula nanu mwaulemu.

Zaka khumi ndi zinayi mwakhala pakhomo pathu, ndipo palibe amene anganene kuti mwakula mwendo. Namondwe wa mu Malichi atagwetsa khoma la amayi, ndinu munaumba njerwa n'kulidzutsa, ine ndili kuno kungolira pafoni. Amayi atadwala chaka chatha munapalasa njinga mpaka ku vila kukagula mankhwala, n'kuwasiya pamwala kuti Zaida akawapatse. Zimene mwachita inu, mwana wamwamuna wobala yekha mwina sakanachita.

Ndikudziwanso chimene chili mumtima mwanu, chifukwa munandiuza nokha chaka chija tinkakolola nandolo limodzi. Munati amayi anu atamwalira, bambo anu anauzidwa kuti ukwati watha, abwerere kwawo, ndipo anachoka pamudzi pamene analima zaka makumi atatu atanyamula mphasa, khasu ndi wailesi. Munati mumalota zimenezo. Sindikukuseka, alamu. Mwambo wathu umasunga akazi koma amuna umawatulutsa manja ali m'khosi, ndipo pamenepo ndi polakwika, ndikuvomera. Ngati tsiku lija munaona dzina lanu likulembedwa n'kumva mtima ukukhala pansi koyamba, ine ndikumvetsa. Mantha anu ndi anga ndi amodzi, tonse tikuopa kudzathamangitsidwa.

Koma taganizani. Inu muli moyo palibe chimene chingachitike, ndikukhulupirira. Nanga tsiku limene Mulungu adzakuitanani? Mwamuna wa Alzira nayenso anali wabwino. Pepala silidziwa kuti munali munthu wotani, limangodziwa dzina, ndipo abale anu amene sanagwirepo khasu ku Mphero adzaliwerenga mmene adzafunire. Amene adzavutike ndi ana anu omwe.

Ine maganizo anga ndi awa, ngati amayi ndi amalume angavomere. Dimba lija la kumtsinje munatsegula ndinu, munazula bango ndi manja anu, panalibe wa kwathu amene analilimapo. Limenelo alembe inu ndi Zaida, maina awiri pa pepala limodzi, kuti munthu asadzakutulutseni ndi mphasa. Ndidzakhala woyamba kukuikirani umboni, ngakhale pamaso pa amalume. Koma ku Mphero bwezani.

Ndipo chimene ndikukupemphani kwenikweni n'chaching'ono, koma ndikudziwa kuti n'cholemera. Tsiku la pa 18 musapite nawo ku postu. Ndikudziwa mudzafuna kuwaperekeza, mudzati ndinu wodziwa Chipwitikizi, mudzati mukawathandize kufotokoza. Amalume amachidziwa chokwanira. Inu mukangolowa m'chipinda chimenecho, ngakhale mutaima pakhomo, ngakhale mutakhala panja pawindo, amayi adzakoka kapulana kumutu n'kuyang'ana pansi, ndipo olembawo adzaonanso gogo wopanda nkhani. Muwalembere kakalata kosonyeza kuti mukuvomera kuti dzina lisinthidwe, musaine, mupatse Zaida, inu mutsale pakhomo.

Zaka zonsezi mukakumana ndi amayi panjira ya kuchitsime mumapatukira m'tchire, ngakhale muli minga, ngakhale mwasenza thumba, mpaka iwo adutse. Anthu amakutamani nazo. Ndikupempha ulemu womwewo, kamodzi kenanso. Apatukireni njira amayi.

A Cremilda adzadutsa ku postu Lachisanu pa 22 kukayang'ana pakhoma paja, ndipo adzandiimbira. Akadzandiuza kuti dzina silinasinthe, ndidzaika kiyi patebulo la patrau n'kukwera basi ya ku Mocuba, ndipo ndikudziwa kuti kiyi ameneyo sindidzamugwiranso. Sindikunena izi moopseza munthu. Ndikunena kuti mudziwe mmene ndikuopera, chifukwa ntchito imeneyi ndinaivutikira zaka zisanu. Koma ntchito munthu amapeza ina.

Ndatumiza mafuta opaka bondo, sopo, ndi kapulana yobiriwira ya inu amayi. Imeneyo muvale m'chiuno popita ku postu, si yofunda kumutu.

Mundiperekere moni kwa amalume a Benedito ndi akazi awo, muwauze kuti ulendo uno maliro a kutsidya awapite. Moni kwa azakhali ku Molumbo ngati alipo wopita kumeneko, kwa amayi a mpingo amene amakuyenderani, ndi kwa anansi onse. Gina ndi Nércia alimbikire sukulu, ndidzawayendetsa pa kamiyau akadzakhoza. Zaida mng'ono wanga, usandikwiyire kuti ndaika banja lako pa mbalambanda. Ndikudziwa uli pakati, mbali iyi amayi, mbali iyo amuna ako, ndipo pakhonde wakhalapo pakutentha. Ukakafika ku postuko ufunse za bilyeti yako, zaka makumi atatu ndi zitatu wakhala wopanda dzina m'mabuku a boma, zakwana.

Amayi, sindikudziwa ngati mawu onsewa adutsa nkhokwe n'kufika m'makutu mwanu. Amene akanatha kuipinda kalatayi pakati n'kunena kuti yathera pomwepo ndi yemweyo amene ndamupempha chinthu chovuta. Koma ngati mukumva mzere uno, ndiye kuti alamu awerenga mpaka pamapeto, ndi pakamwa pawo, inu muli kuseri. Mukatero musaope kanthu, konzani khadi lanu.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu woyamba,
Nelsa